Kalata kwa akuluakulu a boma la Malawi: za Martin Legassick ndi mapepala a makolo athu a ku Wenela

Olemekezeka nduna ya zantchito,
a kazembe a dziko lathu ku Pretoria ndi a ku ofesi ya muno mu Johannesburg,
akuluakulu a nyumba yosungira zolembedwa zakale ku Zomba,
ndi inu aphunzitsi a mbiri yakale m'mayunivesite athu,

Landirani moni kuchokera kuno ku Joni. Nkhani ndabwera nayoyi iyambira pa mzungu wina amene sanali Mmalawi, amene ntchito yake yaikulu anaigwirira ku Cape Town ndi ku Upington, ndipo anatisiya pa 1 Malichi 2016 atadwala khansa. Dzina lake Martin Legassick. Mwina mufunsa kuti nanga ife zikutikhudza pati. Zikukukhudzani chifukwa muno mu Johannesburg muli ndalama ndi mapepala zomwe eni ake ali ku Mzimba, ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi, okalamba, ena akutsokomola usiku wonse, ena anagona kale kumanda. Moyo wa mkuluyu ukuonetsa ntchito imene boma lathu likanakhala litaimaliza kalekale, koma mpaka lero silinaigwire ndi manja awiri.

Legassick anabadwira ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, mu 1940, ndipo makolo ake anasamukira naye ku South Africa mu 1947, kutatsala chaka chimodzi kuti chipani cha National Party chitenge boma n'kukhwimitsa tsankho. Kusukulu anali wanzeru zedi. Mu 1960 anapita ku Oxford pa thandizo la thumba la Cecil Rhodes, ndalama zochokera m'migodi ya dayamondi ndi golide yomweyo imene iye anadzatha moyo wake wonse akuiulula. Kenako anakachita maphunziro a udokotala ku Los Angeles, akufufuza za mitundu ya Agriqua ndi Atswana komanso amishonale a kumpoto kwa mtsinje wa Orange. Mzungu wa mapepala otere njira yake inali yolambula kale: mpando wa pulofesa, nyumba yabwino, penshoni yonona. Iye anapatuka.

Choyamba chimene anachita ndi kugwetsa nthano imene azungu ophunzira ankaikonda. Iwo ankaphunzitsa kuti tsankho linabadwira kutchire, pakati pa Mabunu osaphunzira amene ankayenda ndi ngolo zawo kumalire a dziko, ndipo kuti eni migodi ndi eni mafakitale, ambiri olankhula Chingerezi, analibe nalo gawo. Ena ankafika ponena kuti chuma chikamakula tsankho lidzasungunuka lokha, choncho anthu angodekha. Kuyambira mu 1970 Legassick anatsutsa zimenezi ndi umboni. Anaonetsa kuti ndondomeko yolekanitsa mitundu inaumbidwa m'zaka zotsatira nkhondo ya 1899 mpaka 1902, Angerezi akulamulira Transvaal, ndipo inaumbidwa kuti migodi ya golide ipeze anthu otchipa. Malamulo a mapasi, makomboni a amuna okhaokha, lamulo la malo la 1913 limene linasiyira anthu akuda kagawo kosakwana 10 peresenti ya dziko lawo: zonsezi sizinali misala ya Mabunu ayi, zinali masamu a anthu ovala masuti m'maofesi a muno mu Johannesburg ndi ku London. Mnzake Harold Wolpe anawonjezera mfundo ina mu 1972: mgodi unkalipira mwamuna ngati alibe banja, chifukwa unkadziwa kuti kumudzi kuli mkazi amene akulima, kulera ana, ndiponso amene adzamudwazike mwamunayo akadzabwerako mapapo atatha. Katswiri wina wa zachuma, Francis Wilson, anawerengera n'kupeza kuti malipiro a munthu wakuda wa m'mgodi wa golide mu 1969 sankagula zinthu zoposa zimene ankagula mu 1911.

Akuluakulu, mkazi amene akunenedwayo ndi agogo athu. Legassick sankalemba kwenikweni za Malawi, koma masamu amene anawavundukula anawerengeredwa pa misana yathu. Mgodi unkatafuna mnyamata wa ku Mzimba ngati nzimbe, n'kulavulira makoko pakhonde la mkazi wake, ndipo mtengo wa kudwala kwakeko sunalembedwe m'buku lililonse la kampani.

Inu mukuidziwa mbiriyi, koma ndiibwereze pang'ono chifukwa ana athu sakuidziwa. Kwa iwo Wenela ndi pokwerera basi mu Blantyre basi, osati bungwe limene linkalemba anthu okagwira ntchito m'migodi ya kuno. Mu 1913 boma la kuno linaletsa migodi kulemba anthu ochokera kumpoto kwenikweni, kuphatikizapo a ku Nyasaland, chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo. M'zaka za m'ma 1930 chiletsocho chinachotsedwa, ndipo njira inatseguka. Pambuyo pake kunabwera ndege: munthu ankakwera kwathu, kukatsika ku Francistown, n'kutenga sitima yapamtunda kudzafika kudepoti ya Wenela ya mumsewu wa Eloff, imene ankaitcha Mzilikazi. Kumeneko ankavulidwa, kuyezedwa, kudindidwa zala, kupatsidwa nambala, n'kugawidwa m'migodi. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kuno, kuposa munthu mmodzi pa anthu anayi alionse akuda ogwira ntchito m'migodimo. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yobwerera kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha anthu 78, oposa 70 mwa iwo Amalawi. Kamuzu analetsa kulemba anthu. Migodi inasowa manja, ndipo zimenezi, pamodzi ndi kukwera mtengo kwa golide, sitalaka za ku Durban za 1973 ndi ufulu wa Mozambique, zinakakamiza eni migodi kukweza malipiro kwambiri m'zaka zimenezo. Alipo mwana wa fomu 4 kwathu amene anauzidwapo kuti imfa ya makolo ake ku Francistown inathandiza kukweza malipiro a anthu a ku Lesotho ndi ku Transkei? Kulemba anthu kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, koma mochepa, mpaka mkangano wa kuyeza magazi a Edzi unatseka njirayo. Pulofesa Wiseman Chijere Chirwa analemba kuti pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa kumudzi, chifukwa chimene chinaperekedwa chili chakuti anthu pafupifupi 200 anapezeka ndi kachilombo.

Apa ndilankhule mosapsatira, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Anthu amenewa sanathawe kwawo usiku. Anapita pa mapangano amene boma linasaina. Kamuzu, amenenso ali mnyamata anagwirapo ntchito pamgodi wina ku Boksburg asanapite ku America mu 1925, anakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho mu 1967, anadzacheza kuno mu 1971, ndipo mzinda wa Lilongwe unayamba kumangidwa ndi ngongole yochokera ku Pretoria. Gawo la malipiro a anthu a m'migodi linkatumizidwa kwathu kuti akalandire atabwerera, ndipo ndalama zakunja zimenezo dziko linkapuma nazo. Boma linadya nawo. Mipando mwakhalapoyo ndi yomweyo imene anakhalapo osaina mapanganowo, ndipo wolowa ufumu amalowanso milandu ya pabwalo.

Ndibwerere kwa Legassick. Ali ku Britain, akuphunzitsa pa yunivesite ya Warwick, analowa m'ntchito za ANC, chipani chomenyera ufulu cha kuno, ndi bungwe lake la apantchito. Kumeneko anayambana ndi atsogoleri. Iye ndi anzake atatu, Paula Ensor, David Hemson ndi Rob Petersen, ankanena kuti mphamvu yogwetsa tsankho ili m'manja mwa ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'migodi, osati mwa kagulu ka asilikali obisala kunja kwa dziko, ndiponso kuti ufulu wa voti wosakhudza eni chuma udzasiya osauka pomwe anali. Mu 1979 anaimitsidwa m'chipani. Mu 1981 anasiya ntchito ya pa yunivesite kuti azichita ndale tsiku lonse, akulemba m'nyuzipepala ya gulu lawo yotchedwa Inqaba ya Basebenzi. Mu 1985, pamsonkhano wa ANC ku Kabwe, m'dziko la Zambia, anachotsedwa m'chipanimo. Taganizani: boma la tsankho silikumufuna kwawo, ndipo chipani chomenyera ufulu nachonso chamutaya. Anabwerera ku South Africa mu 1990, ndipo mu 1992 anayamba kuphunzitsa mbiri pa University of the Western Cape.

Sindikumuyeretsa. Kagulu kake kanali kouma mutu, kokonda kukangana ndi anzake a mbali yomweyo kuposa kukangana ndi adani, ndipo boma la anthu apantchito limene ankalilosera silinabwere. Zolemba zake za m'ma 1970 n'zolemera kuwerenga. Muli magulu a anthu ndi kayendedwe ka chuma, koma munthu wokhala ndi dzina ndi nkhope simumupeza kawirikawiri. Ine Legassick amene amandigwira mtima ndi wa zaka zakumapeto, amene anatsika kuchoka pa mfundo zikuluzikulu n'kukakhala pamphasa ndi mabanja.

Ku Upington, m'dera la Gordonia, anakumana ndi nkhani ya Abraham September, munthu wobadwira mu ukapolo amene m'zaka za m'ma 1880 anakumba ngalande yopatutsa madzi a mtsinje wa Orange kuti athirire munda wake. Ulimi wothirira umene lero ukulemeretsa dera lonselo mbiri ya boma inkaupereka kwa mmishonale wachizungu. September atamwalira mu 1898, banja lake linalandidwa malowo mwachinyengo cha mapepala. Legassick anakafukula wilo, makalata a maloya ndi zolembedwa za kukhoti, anamvetsera zidzukulu za September, n'kulumikiza zonsezo mu 1996. Anagwiranso ntchito yofufuza umboni wa mabanja amene anasamutsidwa mokakamiza m'derali ndipo ankafuna malo awo kapena chipukutamisozi. Apa m'pamene ndinaona kuti mbiri yakale si nthano zocheza nazo madzulo. Kwa munthu wosauka amene walandidwa chake, mbiri ndi mboni yokhayo imene angaitengere kukhoti.

Nkhani ina ndi ya mafupa, ndipo imeneyi Mmalawi aliyense wa kuno aimva msanga. Mu 2000 Legassick ndi Ciraj Rassool anatulutsa kabuku koonetsa momwe nyumba zosungira zinthu zakale za kuno ndi za ku Ulaya zinkagulira mitembo ya anthu akuda pakati pa 1907 ndi 1917, kuti akatswiri aziyeza zigaza pofuna kutsimikiza maganizo awo a tsankho. M'mapepala amene anafukula munali nkhani ya Klaas ndi Trooi Pienaar, mwamuna ndi mkazi wake, antchito a pafamu pafupi ndi Kuruman. Atamwalira mu 1909, mitembo yawo inafukulidwa ndi wantchito wa katswiri wa ku Austria, Rudolf Pöch, inaikidwa mumgolo wa mchere, n'kutumizidwa ku Vienna. Chifukwa cha kafukufuku ameneyu mafupawo anapezeka, anadziwika mayina, ndipo mu 2012 anabwezedwa n'kuikidwa mwaulemu ku Kuruman, patatha zaka zoposa 100. Ife kuno timasonkherana marandi a maganyu kuti bokosi la mnzathu lidutse Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka likafike ku Mwanza, chifukwa sitilola munthu kugona kuchilendo. Nanga aja anafera m'migodi ya Carletonville, Welkom ndi Klerksdorp, n'kuikidwa m'manda a kampani okhala ndi nambala m'malo mwa dzina, anawawerengapo ndani? Mndandanda wa mayina a anthu a pa ngozi ya Francistown, wokhala ndi midzi yawo ndi mafumu awo, uyenera kukhala pakhoma pamalo oonekera kwathu, pomwe mdzukulu angakaloze chala n'kunena kuti awa ndi agogo anga.

Atapuma pantchito, Legassick sanakakhale pakhonde. Mu 2007 boma linafuna kusamutsa anthu a m'zisakasa za Joe Slovo, ku Langa, kuwapititsa ku Delft, kutali ndi ntchito zawo, kuti pamalopo pamangidwe nyumba za pulojekiti ya N2 Gateway. Iye anaima nawo, n'kumalemberana makalata poyera ndi nduna ya zanyumba ya nthawiyo, Lindiwe Sisulu. Mu Meyi 2009 apolisi anamumanga ku Macassar, kunja kwa Cape Town, ali pakati pa anthu osowa pokhala a gulu la Abahlali baseMjondolo amene ankamanga mikhukhu pamalo a khonsolo. Anali ndi zaka 68. Amene anatumiza apolisiwo sanali boma la tsankho. Linali boma la demokalase. Zimene ananena mu 1979 zija, zoti voti yokha siidzachotsa munthu mumkhukhu, anadzazionera yekha ali m'galimoto ya apolisi.

Zimenezi si za ku Cape Town kokha. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso, pa nambala 80 mumsewu wa Albert ku Marshalltown, inapsa usiku n'kupha anthu 76, ndipo pakati pawo panali Amalawi. Nyumbayo ndi ya khonsolo ya mzinda wa Johannesburg. M'zaka za tsankho inali ofesi yaikulu ya mapasi, kumene munthu wakuda ankaima pamzere kuti adindiridwe ngati akuloledwa kukhala mumzindawu kapena ayi. Zidzukulu za anthu a Wenela zinafera m'nyumba yomwe inamangidwira kusefa anthu akuda olowa mu Joni. Komiti yofufuza ya jaji wopuma Sisi Khampepe inapeza kuti khonsolo ili ndi gawo pa mlanduwo chifukwa inadziwa za kuopsa kwa nyumbayo koma osachitapo kanthu. Ena mwa opulumuka anagwidwa pa nkhani ya mapepala n'kutsekeredwa ku Lindela, malo osungira alendo oti abwezedwe kwawo, mpaka khoti linaletsa kuwathamangitsa popeza anali mboni. Ambiri a iwo tsopano anabalalika, ena ali m'mikhukhu, ena anabwerera kumudzi. Zimene anaona usiku umenewo, m'Chiyawo ndi m'Chichewa, momwe akanazifotokozera kwa munthu wakwawo, zikuyenera kulembedwa ndi ife eni ake. Tikapanda kutero, pakadzatha zaka 30 padzangotsala chiwerengero.

Tsopano ndifike pa ndalama, poti ndikudziwa kuti nkhani ya mbiri yokha siidzutsa munthu mu ofesi. Mu 2018 makampani asanu ndi imodzi a golide, African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, anavomera kulipira anthu amene anadwala silicosis, matenda a fumbi la miyala, komanso TB chifukwa cha ntchito ya m'migodi yawo. Khoti lalikulu la muno mu Johannesburg linavomereza mgwirizanowo mu 2019, wa ndalama zosachepera R5 biliyoni, ndipo panakhazikitsidwa thumba la Tshiamiso Trust. Likukhudza amene anagwira ntchito m'migodi yotchulidwa pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019. Onani zaka zimenezo: nthawi imene Amalawi anachuluka kwambiri m'migodi ili m'katimo. Palinso lamulo la 1973 la matenda a m'migodi, limene ofesi yake yoyeza ili ku Braamfontein, komanso ndalama za penshoni zimene eni ake sanazitenge.

Koma ndalama zimenezi sizituluka ndi misozi, zimatuluka ndi umboni. Munthu aonetse kuti anagwira pamgodi wakuti, zaka zakuti, ntchito ya pafumbi. Ayezedwe mapapo ndi madokotala ovomerezeka. Ngati anamwalira, mkazi wake kapena ana aonetse chikalata cha imfa chonena chimene chinamupha. Lamulo la 1973 lija limalolanso kuti mtima ndi mapapo a malemu ziyezedwe kuno ku Johannesburg kuti banja lilandire chipukutamisozi. Ndani ku Euthini kapena ku Mayani anauzidwapo zimenezi? Bambo anatsokomola zaka zisanu, anthu anati ndi TB wamba, ena anati kuli mfiti, anamwalira, anaikidwa, nkhani inathera pa sadaka. Chikalata cha imfa kunalibe. Chiphaso cha unzika kwathu chinabwera mu 2017. Dzina limene kalaliki wa Wenela analemba mu 1971 nthawi zambiri silifanana ndi limene lili pachiphaso lero: wina analembetsa dzina la bambo ake, wina la amalume, wina anakwera pa dzina la mkulu wake chifukwa iye anali wamng'ono, wina kalaliki anangolemba momwe khutu lake linamvera. Kabuku ka ntchito kanadyedwa ndi chiswe kapena kanapsa ndi nyumba. Kulumikiza nambala ya kumgodi, chidindo cha chala, dzina la mfumu ndi nkhalamba imene ili pakhonde lero ndi ntchito yeniyeni imene Legassick anagwira pa banja la September. Ndi ntchito ya wofufuza mbiri, ndipo kalaliki wongodikira mafomu pawindo sangaithe.

Mapepala alipo. Makalata, malipoti ndi zithunzi za Wenela ndi Theba zikusungidwa ku laibulale ya University of Johannesburg, ku Doornfontein, ulendo wa mphindi zochepa kuchokera ku Park Station kumene mabasi a kwathu amatsitsa anthu. Kampani ya Theba ikadalipo ndipo imasunga kaundula wa anthu amene inawalemba. Ku Zomba kuli mafayilo a dipatimenti ya zantchito ndi malipoti a ma DC. Chimene chikusowa ndi anthu otumidwa kukakhala pansi n'kuziphatikiza. Pempho langa lalikulu ndi limeneli: unduna wa zantchito ugwirizane ndi madipatimenti a mbiri ku Zomba ndi ku Mzuzu, musankhe ophunzira a digiri yachiwiri, muwalipirire ulendo ndi malo ogona kuno, ajambule tsamba lililonse lokhudza Nyasaland ndi Malawi, makope akasungidwe kwathu. Inu a ku Zomba mukudziwa kupweteka kwa pepala lotayika, poti moto wa 1919 unatentha maofesi a boma kumeneko n'kupsereza zolembedwa za zaka zoyambirira za atsamunda. Musadikire kuti zimene zili m'manja mwa eni ake kuno zidzasowe kapena zidzatsekeredwe. Mtengo wa ntchito yonseyi sungafike pa mtengo wa galimoto imodzi ya nduna.

Ophunzira ena apite m'midzi ndi mafoni ojambulira mawu. Afunse nkhalamba dzina la mgodi, nambala ya shafuti, dzina limene ankaitanidwa nalo kukomboni, amene anakwera nawo ndege, amene sanabwerere. Afunsenso amayi, chifukwa theka la nkhaniyi lili ndi iwo: momwe ankalimira okha, momwe ankadikirira kalata, momwe ena anakwatiwiranso atamva kuti mwamuna watchona. Izi si zachilendo kwa inu aphunzitsi. Ophunzira a ku Chancellor College ankachita zomwezi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, kupita kwawo patchuthi n'kukafunsa akuluakulu mbiri ya mafuko ndi maufumu. Malemu D.D. Phiri anatisungira mbiri ya Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay wophunzira ku Livingstonia, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town, bungwe limene linagwedeza dziko lino m'zaka za m'ma 1920. Luso lilipo. Kusiyana kwake n'kwakuti pano zojambulidwazo zikhala ndi ntchito ziwiri: kulowa m'mabuku a sukulu, ndi kulowa mufayilo ya munthu wofuna chipukutamisozi.

Inu a kazembe ndi a ku ofesi ya muno, gawo lanu ndi khomo. Wophunzira wochokera ku Zomba sangagogode yekha ku Theba, ku Tshiamiso kapena ku Braamfontein n'kutsegulidwa msanga. Kalata ya boma imatsegula. Pakhale munthu mmodzi wodziwika dzina amene ntchito yake ndi nkhani za anthu a m'migodi basi, woti mwana wa mtchona amene akugwira ntchito m'dimba ku Randburg kapena m'shopu ku Fordsburg angamufikire ndi kabuku ka bambo ake. Muchenjezenso anthu poyera kuti kulembetsa ku thumba la Tshiamiso n'kwaulere. Nkhalamba zathu zadyeredwa kokwanira ndi anthu oyenda ndi zikwama m'midzi, otolera ndalama za mafomu n'kulonjeza kuti za ku Theba zikubwera mwezi wamawa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuopa, ndipo ndichinene. Wofufuza woona akalowa m'mafayilo amenewa adzapeza zinthu zosakomera boma: ndalama zimene zinatumizidwa kwathu koma eni ake sanazione, makalata a akuluakulu athu okambirana mtengo wa munthu ndi eni migodi, madandaulo amene anaikidwa pansi pa tebulo. Dziko lathu lili ndi chizolowezi choipa pa nkhani zotere. Pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964, mayina a Chipembere ndi Chiume sankatchulidwa n'komwe m'kalasi, ndipo wolemba mbiri ankayamba wayang'ana kumbuyo asanalembe. Legassick anachotsedwa m'chipani chake chomwe chifukwa cholankhula zimene atsogoleri sankafuna kumva, ndipo patapita zaka apolisi a boma la ANC lomwelo anapha anthu 34 a m'mgodi ku Marikana pa 16 Ogasiti 2012. Mukatuma ana athu, musawamange pakamwa. Zimene apeze zisindikizidwe momwe zilili, ngakhale zitachititsa manyazi chipani chilichonse chimene chinalamulirapo. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Nthawi ndiyo mulibe. Thumba la Tshiamiso linapatsidwa zaka 12 zolandira madandaulo kuchokera mu Disembala 2019, ndipo zikatha khomo lidzatsekedwa. Mnyamata amene anakwera ndege ya Wenela mu 1973 ali ndi zaka 20 anabadwa mu 1953. Werengani nokha zaka zake lero, muwonjezepo fumbi limene lili m'chifuwa mwake. Tikupempha kuti unduna wa zantchito unene poyera, pawailesi, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyawo, kuti Amalawi angati alembetsa kale, angati ayezedwa mapapo, angati alandira, ndipo kuyeza kukuchitikira zipatala ziti. Mutiuzenso mwezi umene ophunzira oyamba adzafike ku Doornfontein, kuti ife a kuno tidzawachingamire ku Park Station ndi kuwapezera pogona.

Ndine wanu,
mdzukulu wa munthu wa ku Wenela,
Johannesburg